Unyolo Wokwerera Kumwamba

Alamu anga, amuna a malemu achemwali anga, anali owotcherera zitsulo. Shedi yawo inali kumapeto kwa msewu wathu, ndipo ine ndinkasoka zovala pakhonde loyang'anizana nayo, moti moyo wawo wonse ndinauonera pamwamba pa makina osokera. Anthu ankawatchula kuti Chiphaliwali. Alendo ankayesa kuti dzinali linachokera ku moto umene umathwanima munthu akamawotcherera, koma ife eni msewu tinkadziwa kuti linachokera ku chibakera chawo. Wochilawa ankangoona kuwala, kenako n'kudzidzimuka ali m'ngalande, akulavula mano.

Ntchito ankaidziwa, pamenepo sindingawanamizire. Mageti, zitseko, zitsulo za m'mawindo, zonse zinkatuluka m'manja mwawo zolimba moti akuba ankangozisuzumira n'kupitirira. Loko sankamukhulupirira. Ankati loko ali ndi kiyi, ndipo kiyi ali ndi achibale ake ambiri, choncho chinthu chimene sukufuna kuti chichoke uzichiwotcherera basi. Koma mtima unali wapachala. Bambo wina anadandaula kuti felemu ya windo imene anamupangira inali yopindika. Alamu anamuveka felemuyo m'khosi, n'kumuguza nayo msewu wonse, mpaka munthuyo anavomereza, magazi akutuluka m'makutu, kuti inali yowongoka.

Kunyumba nakonso kunali komweko. Ndinasokapo mabulauzi ambiri a achemwali anga ong'ambika paphewa, ndipo sindinkafunsa kuti ang'ambika bwanji. Munthuyu ndinkadana naye, ndinene poyera, ndipo iwo ankadziwa. Chilamu ndicho chinkandipatsa pakamwa. Mumsewu monse ndinali ndekha amene ndinkatha kuwauza kuti, "Alamu, lero mwadzuka ndi nkhope ngati geti lochita dzimbiri," iwo n'kungotsonya osandikhudza.

Achemwali anga anali munthu wopemphera. Anabereka mwana mmodzi yekha, wamwamuna, ndipo anadwala n'kumwalira mwanayo atangoyamba kumera ndevu. Imfa imeneyo inawathyola alamu malo amene palibe munthu anawathyolapo. Titangochoka kumanda anayamba kupita ku tchalitchi cha akazi awo, n'kumakhala pa benchi lomwe ankakhala malemuwo, pakati pa amayi, popanda wolimba mtima kuwasuntha. Mowa anasiya, fodya anasiya, koma chibakera anangochibatiza. Kale ankamenya munthu chifukwa chowaponda phazi, tsopano ankamumenya chifukwa chotukwana. Wometa tsitsi wa pafupi nafe anataya wailesi yake pa chifukwa choimba nyimbo zachikunja, ndipo atadandaula anatayanso dzino.

Pa zonse zimene ankamva kutchalitchi, chimene chinawagwira mtima chinali mkwatulo. Ankafotokozera aliyense wobwera kudzawotcheretsa wilibala kuti tsiku lina, losadziwika ndi munthu, lipenga lidzalira kumwamba, ndipo okhulupirira onse adzanyamulidwa amoyo, kusiya mapoto pamoto ndi nsapato pakhomo. Otsala adzaona masautso amene dziko silinaonepo, mpaka kusirira akufa. Polankhula za otsalawo maso awo ankawala ngati akuwaona kale.

Ndiye anakonzekera mwaumisiri. Anachotsa siling'i pamwamba pa bedi lawo. Mushedi anazula misomali ya lata limodzi la pakati penipeni pa denga, n'kungolimanga ndi kawaya kowonda.

"Alamu," ndinawafunsa, "Mulungu amene anayala thambo lonseli alephere lata limodzi?"

"Iwe mlamu," anatero osandiyang'ana, "udzaseka uli pansi."

Mwana wawo uja, amene kwa ine ndi mwana wanga ndithu, anakula ndi ndodo mpaka ndodo inaleka kumupweteka. Atakula anayamba kunyamula katundu wa anthu kudepoti, ndipo zonse zimene ankapeza zinkathera m'mowa. Anzake anamupatsa dzina loti Botolo, ndipo linamukhala. Ankagona paliponse pamene mwendo wamuthera. Njala ikamupweteka ankabwera pakhonde panga, ine n'kumupatsa chakudya ndikumulalatira, iye n'kumadya akumwetulira ngati mayi ake. Kutchalitchi sankapondako.

"Amayi," ankandiuza, "kumwamba kumene kukakhale bambo aja ine ndakukana. Ndawapirira pansi pano, ndikawapirirenso mpaka kalekale?"

Tsiku lina m'mawa alamu anawoloka msewu n'kukhala pa mpando wa makasitomala anga, chinthu chimene anali asanachitepo. Nkhope inali itatuwa. Anandiuza kuti analota lipenga litalira. Anadziona akukwera, shedi ikuchepa pansi pawo, ndipo pakati pa msewu panaima mwana wawo atakweza dzanja, anthu a zikwanje akumuzungulira. Atafika pamwamba, woyamba kuwachingamira anali achemwali anga. Sanawapatse moni. Anangoyang'ana kumbuyo kwawo n'kufunsa kuti, "Nanga mwana ali kuti?"

Anali akulira, munthu amene sanagwetse msozi ngakhale kumanda. Mtima wanga unafewa, ndipo ndinakwiya nawo mtimawo chifukwa chofewa.

"Ndikawayankha chiyani, mlamu? Ndikangofika chimanjamanja?"

"Lankhulani naye bwinobwino," ndinatero. "Mwayesa ndodo moyo wake wonse. Yesaniko pakamwa."

Sanandimve. Maso awo anali mushedi, pamene injini ya galimoto inali lende pa unyolo wokwezera katundu, kawaya kena katakoledwa kunsi kwake.

"Ukukaona kawaya kaja?" anandifunsa. "Injini ikamakwera, kamafunsidwa ngati kakufuna kukwera? Chimene chalumikizidwa ku katundu chimapita ndi katunduyo."

Ndinaseka, poyesa kuti ndi zolankhula za munthu amene sanagone bwino.

Masana a tsiku lomwelo ndinamva phokoso kumtunda kwa msewu. Alamu ankabwera akukoka Botolo pa kolala. Anakamutenga kumalo omwera mowa, ndipo anzake awiri amene anayesa kuleretsa anawasiya ali kwala pansi. Botolo sanabwere mwaulemu. Anawaluma pamkono, anawaponda m'mimba, anatola njerwa n'kuwaphwanya nayo paphewa. Iwo anangomutembenuza n'kumuwomba chibakera chimodzi pansi pa khutu, miyendo yake n'kulobodoka. Anamulowetsa mushedi akumukhwekhwereza pa miyala.

Pamene ndinkafika ine, anali atapana kale mkono wamanja wa mwanayo pa tebulo lachitsulo. Anamukulunga chiguduli chonyowa padzanja, n'kuvekapo chibangili chokhuthala chimene anali atapinda m'mawa womwewo, cholumikizidwa ku unyolo wotalika ngati bedi. Ndinawamenya ndi mpando pamsana. Anandikankha ndi chigongono osacheuka n'komwe, ndipo ndinagwera pa mulu wa zidutswa za malata, zimene zinandicheka mkono. Chipsera chake ndili nacho mpaka lero. Ndili pansi pomwepo ndinaona moto ukuthwanima, chiguduli chikufuka nthunzi, kenako Botolo anatsitsimuka ndi mfuu imene sindidzaiwala. Shedi yonse inanunkha khungu lopserera.

Atamaliza, anaika dzanja lawo lamanzere patebulopo, n'kuveka chibangili china cha mbali inayo ya unyolo. Iwo sanaike chiguduli. Anawotcherera akuimba nyimbo yakutchalitchi, mano atakukuta, thukuta likugwera pa chitsulo.

"Basi," anatero. "Tsopano lipenga lilire."

Masiku otsatira anali ochititsa manyazi ndi ochititsa mantha. Kuchimbudzi ankapita awiri, wina mkati wina panja, unyolo utadutsa pansi pa chitseko. Alamu ankagwira ntchito ndi dzanja limodzi, mwanayo atakhala pa chitini pambali pawo, akunjenjemera chifukwa chosowa mowa. Zida zonse zodulira anazipachika kukhoma la pakhomo, kumene unyolo sunkafika akakhala pa tebulo. Ndewu inkabuka nthawi iliyonse. Botolo ankakoka unyolo mwadzidzidzi kuti bambo ake agwe, iwo n'kumubwezera pomukulunga nawo m'khosi mpaka maso atatuzuka, kenako n'kumupukuta kumaso ndi malaya awo, akumupempherera. Zilonda za m'manja mwawo onse awiri zinayamba kutulutsa mafinya, ntchentche zikuwatsata.

Anthu a mumsewu ankangosuzumira. Ena ankati chidakwacho chapeza mankhwala ake. Lamulungu alamu anamukokera Botolo kutchalitchi, unyolo ukulira pa simenti, ndipo madzulo ake abusa anabwera kushedi. Anali munthu wofatsa, wa thupi laling'ono.

"Akulu," anatero abusawo, "zimenezi sizimene timaphunzitsa. Munthu sapita kwa Mulungu mokokedwa ngati mbuzi. Aliyense adzanyamulidwa ndi chikhulupiriro chake. Masulani mwanayu."

"Munanyamulapo chinthu cholemera inu?" anafunsa alamu. "Inu mumadziwa mawu, ine ndimadziwa unyolo."

Abusa atapitiriza, alamu anawanyamula ndi dzanja limodzi lija n'kuwaponya pamsewu, magalasi awo n'kusweka. Ine ndinapita kupolisi. Anandimvetsera, wina anaseka, ndipo anati galimoto yatuluka, abwera mawa. Mawa lake anatinso mawa.

Ndikuwapatsira chakudya tsiku lina, Botolo anandinong'oneza, milomo itasweka.

"Amayi, pano padulidwa dzanja. Kaya langa, kaya lawo."

Chiwotcherereni unyolo uja alamu sankagona, kuopa kuti lipenga lingawapeze ali m'tulo mwanayo atapeza nzeru yodzimasulira. Koma thupi silinamizidwa. Masana ena kukutentha kwambiri, atangotha kudya, anatsamira tebulo n'kuyamba kuliza mkonono. Zimene zinachitika kenako anandiuza Botolo mwini wake. Chida chimodzi chokha chinali pafupi, chowotchera cha gasi chija chimene chimatulutsa lawi pakamwa pa paipi. Anachikoka ndi phazi, anachiyatsa mwakachetechete, n'kuloza lawilo pa unyolo. Koma iye sanali mmisiri. Unyolo unatentha usanaduke, kutenthako kunafika pa chilonda chake, dzanja linanjenjemera, chowotcheracho n'kugwa. Chinagubuduzika mpaka pakona pamene panali sanza zamafuta ndi zitini za penti, kumene iye sakanafika.

Ine ndinamva kuphulika, singano n'kundibaya chala. Nditadzutsa mutu ndinaona lata lija la kawaya likuuluka m'mwamba ngati pepala. Ndinathamanga wopanda nsapato.

Mkati munali utsi wakuda, koma pakati penipeni dzuwa linkalowa pa bowo la denga, mzati wa kuwala utaima kuchokera kumwamba mpaka pansi. Moto unali utagwira khoma lakumbuyo, ndipo silinda ya gasi inali itayamba kulira, kulira kwakuthwa kotalika kosalekeza. Alamu anadzidzimuka m'tulo n'kupeza denga latseguka, kuwala kukutsika, chinthu chikulira. Munthu amene anadikira zimenezi zaka zonsezo mukanamuuza chiyani?

"Lalira!" anakuwa. "Lalira, mwanangu! Tiye!"

Anamukokera Botolo pakati pa kuwalako, n'kukweza manja onse awiri, nkhope ikuseka ngati ya kamwana. Sindinawaonepo okondwa chonchija.

"Ndi moto, alamu!" ndinakuwa ndili pakhomo. "Tulukani, silinda iphulika!"

"Bambo, ndi moto! Ndayatsa ndine!"

Sankamva. Anaima ndi zala za kumapazi. Anadumpha. Anadumphanso, chimunthu chonse chija, n'kugwera pomwepo. Kumwetulira kunayamba kuchoka. Anayang'ana mapazi awo, anayang'ana bowo lija, kenako maso awo anatsika ndi unyolo mpaka pa dzanja la mwana wawo.

"Ukundilemera," anatero ndi mawu aang'ono. "Sindikunyamuka. Ukundilemera, iwe."

Botolo anali ndi nzeru za mayi ake. Anagwira mawuwo msangamsanga.

"Eya, ndine! Ndiye dulani, bambo! Dulani mupite, amayi akukudikirani! Anzanu onse apita kale!"

Pakhoma pafupi nane panali chisizasi chachikulu chodulira zitsulo. Ndinachitsitsa n'kuchiponya ndi mphamvu zanga zonse, ndipo chinagwera pamapazi pawo. Anachitola. Anachitsegula kukamwa, analowetsamo unyolo, anatsamiritsa chogwirira chimodzi pa ntchafu. Kunangotsala kukanikiza basi. Phale la moto linagwa kuchokera kudenga n'kuwayatsa malaya paphewa, koma sanalimve. Anayang'ananso kumwamba, ndipo ndinaona pankhope pawo mmene ankakufunira. Kenako anayang'ana mwana wawo.

Anachotsa chisizasicho pa unyolo n'kuchiponya m'moto.

"Ndikawauza chiyani amayi ako?" anatero. "Ngati sukwera, titsala tonse."

Anakhala pansi pomwepo, pakati pa shedi yoyaka, n'kumukumbatira mwanayo m'miyendo kuti asachoke. Silinda ija inasintha kulira, inayamba kukhosomola.

Kwa mphindi imeneyo ndinawakonda alamu anga, ndipo ndinafuna kuti afe. Zonse ziwiri zinali zoona.

Botolo anatambasula dzanja lamanzere n'kutola hamala patebulo. Anati, "Pepani, bambo," n'kuwamenya nayo pamwamba pa khutu. Sanagwe. Anangomuyang'ana modabwa, magazi akutsikira m'khosi. Anawamenyanso, akulira mokweza, ndipo ulendo uno manja aja anamasuka. Anthu amene sanaliko amanena zambiri za mwana womenya bambo ake. Ine ndinalipo, ndipo sindimuweruza.

Kenako anayamba kukoka. Alamu anali olemera kuwirikiza iye, ndipo malo okokera anali amodzi okha, chibangili chija cha pachilonda. Anayenda chafutambuyo, akugwa n'kudzuka, thupi la bambo ake likukhwekhwereka pa zidutswa za zitsulo, malaya ndi tsitsi lawo zikuyaka. Ndinamva fupa la dzanja lake likuthyoka, phokoso louma ngati la nkhuni, koma sanaleke. Pakhomo ndinagwira nawo unyolowo, unali wotentha moti unandisupula zikhatho, ndipo tinawatulutsa mpaka m'ngalande ya kutsidya. Ndinawazimitsa ndi nsalu ya kasitomala. Silinda inaphulika titangogona pansi, ndipo geti limene ankapanga sabata imeneyo linakagwera pa makina anga osokera.

Polisi inafika tsiku limenelo. Galimoto inapezeka.

Kuchipatala anachita kuitana munthu wa macheka kuti adule zibangili zija, ndipo munthuyo anatuluka thukuta, chifukwa Chiphaliwali sankawotcherera zachibwana. Botolo anamumanga dzanja mpaka m'chigongono. Alamu anapsa kumaso ndi pachifuwa, mutu unatupa, maso anawakulunga mabandeji. Adokotala anandiitanira pambali n'kundiuza kuti tisayembekezere zambiri. Alamu anagona osadziwa kanthu kwa masiku angapo, ife awiri titakhala pambali pa bedi. Botolo sanapite kukamwa mowa.

Alamu anatsitsimuka m'mawa wina anamwino atangomaliza kukolopa. Choyamba kuyenda chinali dzanja lawo lamanja. Linafufuza pa bulangeti mpaka linapeza dzanja lamanzere, n'kupapasa pamene panali chibangili. Linapapasanso. Kenako chifuwa chawo chinayamba kukwera ndi kutsika, ndipo m'mabandeji muja munatuluka mawu amene sanali a Chiphaliwali.

"Ndamusiya. Mayo, ndadula. Ndamusiya mwana."

Sankaona kanthu, thupi sankalimva, ndipo pamkono panalibe cholemera. Ankayesa kuti afika.

"Alamu, muli m'chipatala," ndinatero. Koma mawu anga ndi ofanana ndi a achemwali anga, anthu akhala akunena kuyambira tili ana. Atangowamva anayamba kunjenjemera bedi lonse.

"Ndikhululukire, mayi a mwana. Ndinamumanga, ndithu ndinamumanga. Sindikudziwa kuti waduka pati."

Botolo anaimirira. Anatenga dzanja lake lothyoka lija, momwemo ndi mabandeji ake, n'kuliika m'chikhatho cha bambo ake.

"Ndili pano, bambo. Simunadule."

Zala zija zinatseka. Munthu anali akufa, koma zala zinali zomwe zija zopinda zitsulo. Ndinaona bandeji loyera likusanduka lofiira, ndinaona thukuta likutuluka pamphumi pa mwanayo, ndipo ndinafuna kuwamasula, koma iye anandipukusira mutu.

"Gwira zolimba," anatero alamu. "Tikunyamuka."

"Ndagwira, bambo."

Anapuma kangapo, motalikiratalikira, kenako sanapumenso. Anamwino anabwera, anawagwira pakhosi, n'kutseka nsalu yotchinga. Botolo anaimabe pomwepo, mapazi ali pa simenti yonyowa, dzanja lili m'dzanja la bambo ake. Anadikira nthawi yaitali ndithu, ndipo sindinamufunse chimene ankadikira. Pamapeto pake ndine amene ndinamasula zala za alamu anga, chimodzichimodzi, kuti mwanayo akamangidwenso chilonda.